Mphika wa Florinda wa Zaka Chikwi

Kwathu ku Chinapek anthu ndife afupi, ndipo sitidandaula nazo. Zitseko zathu n'zazifupi, mipando yathu n'njaifupi, ndipo munthu akafuna kubisa chinthu amangonyanyamphira n'kuchiika pomwe dzanja lake lalekezera, basi chabisika. Eleuterio Tiul, amene tonse timangomuti Telo, anabisa mphika wa mkazi wake mwa njira imeneyi. Unakhala wobisika zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka tsiku limene kunabwera mzimayi wa ku Holande wotalika ngati pholo la magetsi.

Telo ndi mmodzi wa amuna amene amaperekeza alendo m'phanga lathu. Amawaveka zisoti zokhala ndi tochi pamphumi, amawaolotsa madzi olekeza m'chiuno, amawakwawitsa pa kampata kena pomwe anthu onenepa amakumbukira machimo awo, kenako amawatulutsira m'chipinda chachikulu momwe makolo akale anasiyamo miphika, mapale ndi phulusa. Mlendo akafunsa zaka za chinthu chilichonse, Telo amayankha chimodzimodzi: chikwi ndi mazana awiri. Nambalayi anaimva kwa mphunzitsi wina wa ku likulu amene anabwera kudzayeza mapale, ndipo inamukomera m'kamwa. Mphika, mwala, ngakhale ndowe za mileme, zonse kwa Telo n'za zaka chikwi ndi mazana awiri.

Nkhani ya mphikawo inayamba chaka chimene mkazi wake Florinda anadwala. Anagona miyezi iwiri, thupi lili moto, chakudya chikungobwerera. Telo anapita naye kuchipatala ku Cobán, anabwerako ndi mapiritsi, koma mayi ankangofota. Pamenepo anakumbukira zimene malemu bambo ake anamuphunzitsa. Ukafuna kupempha moyo wa munthu kwa Mwini Phiri, umatenga chinthu chimene wodwalayo amachikonda koposa, n'kukachisiya m'phanga pamodzi ndi makandulo ndi lubani. Chimene wapereka sichibwereranso kunyumba. Chimene wapempha suuza munthu, makamaka mwini wakeyo. Ukangotsegula pakamwa, kapena chinthucho chikangotuluka m'phanga, pempho lasukuluka, matenda abwereranso pa munthu yemwe uja.

Chimene Florinda ankachikonda koposa sanali Telo. Izi Telo ankazidziwa ndipo sizinkamupweteka. Unali mphika wakuda wa makutu awiri umene anaumba amayi ake a Florinda, wophikira nkhukundembo ya tsabola wofiira pa zikondwerero. M'khosi mwake munali zidindo za chitsononkho kuzungulira, ndipo khutu limodzi linabenthuka tsiku limene Florinda anamenya nalo nkhumba yolowa m'khitchini. Telo anaukulunga m'thumba mbandakucha wina, anakauika pa kashelefu ka mwala m'chipinda cha makolo, pamwamba pomwe diso la munthu wa kuno silifika.

Florinda anachira. Kaya anali mapiritsi kaya linali phiri, Telo sanafune kuyesa kuti adziwe. Koma tsiku loyamba limene mayiyu anaima ndi miyendo yake, sanafunse za ana kapena za munda. Anafunsa za mphika. Ndipo amene ankaphika m'khitchini mwake iye akudwala anali Ofelia, mlongo wake wa Telo. Mlandu unathera pomwepo wopanda woweruza: Ofelia ndi wakuba. Kuyambira pamenepo akazi awiriwa sanapatsanenso moni. Kutchalitchi wina amakhala uku wina uko, kuchigayo wina akalowa wina amatuluka chimanga chili pamutu. Telo ankamva mlongo wake akutukwanidwa m'mawa ndi madzulo, iye n'kumangomeza malovu. Zinkamuwawa kwambiri, koma akayang'ana mkazi wake ali wonenepa bwino, akukalipira nkhuku ndi mphamvu zake zonse, ankaona kuti kukhala chete n'kwabwino.

Mzimayi wa ku Holande uja dzina lake anali Henrike. Ankayenda yekha ndi chikwama kumsana, ndipo anali atalowa kale m'mapanga a ku Mexico ndi ku Belize, zonse akulemba m'kabuku. Anali munthu waulemu, wosagwiragwira zinthu. Atafika m'chipinda cha makolo, Telo anayamba kuloza miphika ya pansi monga mwa nthawi zonse. Henrike sananyanyamphire n'komwe. Anangotembenuza khosi, tochi yake n'kugwera pa kashelefu kaja ngati munthu akuyang'ana patebulo.

"Ho! Nanga uwu?" anatero m'Chisipanishi chake chotsimphina. "Wathunthu chonchi! Ndi wa zaka zingati?"

Telo sanaganize n'komwe. Pakamwa pokha ndi pomwe panagwira ntchito yake.

"Chikwi ndi mazana awiri."

Henrike anaujambula ndi foni kutsogolo, kumbali, ndi pamwamba, akupuma ngati waona mngelo.

Kwathu mabanja amasinthana kudyetsa alendo, ndipo tsoka la Telo linali lakuti sabata imeneyo inali ya pakhomo pake. Florinda anaika patebulo nyemba zakuda, timikate ta chimanga totentha m'chikho, ndi koko wakumwa. Henrike anadya bwino, ndipo pofuna kuthokoza mwini nyumba anatulutsa foni kuti amuonetse zodabwitsa za m'phanga la kwawo lomwe. Telo anatsokomola. Anafunsa ngati n'zoona kuti ku Holande ng'ombe zimagona m'nyumba. Anagwetsa supuni dala. Zonse sizinathandize. Florinda anapukuta chala pa nsalu n'kuyamba kukankha zithunzi chimodzichimodzi, akuti "mwala, mwala, mleme, mwala," kenako chala chija chinaima.

Anakulitsa chithunzi. Anachiyandikitsa kumaso.

"Bambo," anatero m'chilankhulo chathu, mofatsa moopsa, "afunseni alendowa kuti mphika uwu ndi wa zaka zingati."

Telo anatembenukira kwa Henrike. "Akuti kodi muonjezera nyemba?"

Anaiwala kuti mkazi wake amagulitsa tsabola kumsika wa ku Chisec Loweruka lililonse, ndipo Chisipanishi chake chimatha kuliza woyendetsa lole. Florinda anamukankha ndi chigongono n'kufunsa yekha.

"Chikwi ndi mazana awiri," anayankha Henrike nkhope ili ngwee. "Amuna anu ndi amene andiuza. Taonani khutu ili. Ndinawerenga kuti anthu akale ankabenthula miphika dala asanaisiye m'phanga, kuti mzimu wa mphikawo utuluke."

"Inali nkhumba," anatero Florinda m'chilankhulo chathu.

"Akuti chiyani?"

"Akuti nzeru za makolo n'zakuya," anatero Telo, thukuta lili kamukamu.

Florinda anabweza foni mwaulemu, anasonkhanitsa mbale, kenako anaima pamaso pa mwamuna wake manja ali m'chiuno.

"Ndiye mlongo wanu wokondedwayo anakaubisa kuphanga. Anaona kuti akauika pamoto kwake ndidzamva fungo. Ndipo inu mumadutsa pansi pake tsiku ndi tsiku, tochi ili pamphumi, osauona?"

"Pamwamba paja mpatali, mayi. Ine ndi msinkhu wangawu ndikanaona bwanji?"

"Ndipatseni jombo."

"Jombo zachiyani?"

"Zovina nazo. Ndikukatenga mphika wa amayi anga."

Florinda anabadwira kuno, koma m'phangamo anali asanapondemo. Ankati mapanga ndi a mileme ndi amuna, zinthu ziwiri zimene zimakonda kugona masana. Telo anayesa zonse. Anati madzi akwera chifukwa cha mvula ya kumtunda. Anati pa kampata kaja sipadutsa munthu amene wadya kumene. Anati komiti ya mudzi siilola kulowa kawiri tsiku limodzi. Florinda anali atavala kale jombo za mwamuna wakeyo, kumusiyira zakale zobooka. Henrike, amene sankamva kalikonse ka mkanganowo, atauzidwa kuti mayi akufuna kukaona phanga koyamba m'moyo wawo, anaomba m'manja n'kunyamula chikwama chake.

Njira yonse yodutsa m'minda ya chimanga Telo ankayenda kumbuyo, mutu uli gwa. Akanena zoona, pempho lisukuluka. Akakhala chete, mphika utuluka m'phanga, ndipo zikhala chimodzimodzi. Ankayang'ana msana wa mkazi wake ukugwedezeka patsogolo, nsalu yake yamakwinya ikukwapula udzu, n'kumakumbukira mmene anapepukira chaka chija pomunyamula kupita naye pa basi. Mantha anamugwira enieni.

Pakhomo pa phanga anayatsa kandulo n'kupempha chilolezo monga timachitira. Tsiku limenelo anapemphera nthawi yaitali kuposa wansembe.

"Mwamaliza, kapena tibwere mawa?" anafunsa Florinda.

M'madzi mayi anakwinya nsalu mpaka m'ntchafu n'kulowa akutukwana kuzizira. Mleme wina utamudutsa pakhutu anaukalipira ngati mwana wa mnansi. Pa kampata kaja anatsekerezeka m'chiuno, mutu uli uko miyendo ili kuno, ndipo mtima wa Telo unadumpha ndi chiyembekezo.

"Mwaona? Ndimanena ine. Tibwerere, mayi, mupweteka."

"Kankhani."

"Nanga mukakanirira pomwepo?"

"Ndiye muzidzauza alendo kuti ndine wa zaka chikwi. Kankhani, bambo inu, musangoima ngati phangali mwagula!"

Telo anakankha, Henrike anakoka, ndipo Florinda anatulukira mbali inayo ngati chitsekerero cha botolo.

M'chipinda cha makolo sanataye nthawi ndi miyala yolendewera kudenga imene alendo amalira nayo misozi. Anangoti, "Uli pati?" Henrike analoza ndi tochi. Florinda anakweza khosi, ananyanyamphira, analumpha kawiri, koma sanaone kanthu.

"Mayi, nditsitsireni," Florinda anapempha mlendoyo.

Henrike anabisa manja kumbuyo. "Ayi, ayi. Zinthu zimenezi sitigwira. Amuna anu anandiuza lamulo m'mawa."

"Ndi lamulo la komiti," anatero Telo msangamsanga, ndipo pa nthawi imeneyo anawakonda anthu onse a ku Holande.

Florinda anayang'ana uku ndi uku kufuna mwala wopondapo. Miyala yonse inali yomatirira pansi. Kenako maso ake anagwera pa mwamuna wake.

"Weramani."

Munthu amene wamvera mawu amodzi kwa zaka makumi atatu, thupi lake limamvera lokha mutu usanavomere. Telo anangozindikira ali chogwada, manja ali m'matope ozizira, jombo zake zomwe zikumuponda pamsana. Florinda anagwira khoma n'kuimirira, ndipo mutu wake unafika pa kashelefu kaja.

"Ndi womwewo," anatero. "Zala za amayi anga izi. Wakuba iwe Ofelia, Mulungu akuone!"

Telo anamva dongo likukhuzika pa mwala. Mphika unali utanyamulidwa. Pamenepo nthabwala zonse zinamuthera, mabodza onse anamuthera. Kwa zaka zambiri ankamuitana "mayi", koma tsopano chimene chinatuluka chinali dzina lija ankaitana nalo kuseri kwa tchalitchi ali achinyamata.

"Florinda. Usautsitse. Chonde, Florinda."

"Chifukwa?"

Nkhope ya Telo inali yoyang'ana pansi, ndipo misozi inkagwera m'matope pakati pa manja ake. Msana wake unayamba kugwedezeka, moti mkazi amene anaima pamenepo sakanalephera kumva.

Tochi ya Florinda inkayenda pang'onopang'ono pa kashelefu. Telo ankadziwa zimene ikuunika. Kuseri kwa mphika kunali phula la makandulo losungunuka, mulu pamwamba pa mulu, lina lakuda ndi ukale, lina loyera la mwezi watha. Kunali phulusa la lubani ndi maluwa ouma. Wakuba sayatsira makandulo chinthu chimene waba, ndipo Ofelia amaopa mdima ngakhale wa kuchimbudzi. M'kati mwa mphikamo munali riboni yofiira ya m'tsitsi, imene Florinda anaifunafuna chaka chomwe chija n'kunamizira makoswe.

"Mphikawu unachoka mwezi uti m'nyumba mwanga?" anafunsa, mawu ali apansipansi.

Telo analuma mlomo.

"Musayankhe," anatero Florinda mofulumira. "Mukangoyankha ndikupondani pakhosi."

Nayenso anakulira m'mudzi uno, ndipo bambo ake anamuuzako malamulo a Mwini Phiri ngati bambo ake a Telo. Anabweza mphika pamalo pake mosamala, n'kuutembenuza pang'ono kuti ukhale pa chidindo chake chenicheni. Anausisita khosi kamodzi ndi chala chachikulu. Kenako anakonza kukhosi n'kulankhula choyang'ana mumdima, ndi mawu amene amalankhulira ndi mnansi wobwereka chinthu.

"Inu eni kuno, mwandimva. Sindinatenge kanthu. Ndangopukuta fumbi. Mphikawo musamauike pamoto waukulu, ndi wokalamba, ungang'ambike. Ndipo ukatha ntchito muziuvundikira."

Anatsika. Telo anadzuka pang'onopang'ono atagwira m'chiuno, osayerekeza kumuyang'ana kumaso. Florinda nayenso anatanganidwa ndi kufinya nsalu yake imene inali itafinyidwa kale.

Henrike anali ataima patali, kabuku kali m'manja, akuganiza kuti waonerera mwambo umene mabuku ake sanalembe.

"Mayi," anafunsa monong'ona, "mwauona pafupi. Ndi wakale ndithu?"

"Wakalekale," anayankha Florinda m'Chisipanishi cha kumsika. "Mwini wake anali mzimayi wapakamwa kwambiri. Amati sanafe msanga."

Henrike analemba zimenezo.

Pobwerera mlendo anatsogola, chifukwa miyendo yake siidziwa kudikira. Awiriwo anatsalira m'mbuyo, akuyenda m'madzi. Pamalo poterera Florinda anagwira mkono wa mwamuna wake, ndipo atadutsa poterera paja sanausiye. Telo anamva mtima wake ukupepuka ngati watula katundu amene anamusenza kuchokera kutali, mpaka anafuna kuimba. Anatulukira padzuwa, akuphethira, matope ali thupi lonse.

Ali pakati pa minda Florinda anaima.

"Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikutukwana mlongo wanu."

"Eya."

"Kutchalitchi, kuchigayo, pamaliro a amalume anu. Ndinamutcha khoswe pamaso pa ana ake."

"Munatero."

"Inu mukumva."

"Ndinkamva, mayi."

"Munthu amene anandisambitsa ndili gone, n'kumandimwetsa phala ndi supuni." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndiye ndikamuuza kuti chiyani? Kuti mphika uli kuti?"

Kuimba kuja kunathera Telo pakhosi. Izi anali asanaziganize. Ofelia sangauzidwe zoona, chifukwa chimene sichiuzidwa mkazi sichiuzidwanso mlongo. Ndipo Ofelia si munthu woti ungamupepese wopanda chifukwa, iye n'kungoti zikomo. Adzafuna kudziwa kuti mphika unapita kuti, anauchotsa ndani, ndipo adzafunsa mpaka dzuwa kulowa.

"Ndikanena kuti ndinagulitsa ndine," anatero Telo. "Ndinamwera mowa."

"Inu? Amene mumaledzera ndi fungo lokha? Angakhulupirire ndani? Ndipo akakupanikizani mafunso atatu mulira n'kuulula zonse, ndakuonani lero." Anayang'ana denga la nyumba ya Ofelia kutsidya kwa khwawa. "Ndikamuuza kuti ndinauswa ndekha. Ndinadzuka thupi likutentha, ndinaugwetsa, mapale ndinakataya kuchimbudzi. Nditachira ndinachita manyazi, ndiye ndinanamizira iye."

"Florinda, mudzi wonse udzakusekani. Adzakutchani wabodza mpaka kumanda."

"Kumandako ndikafika mochedwa, si choncho? Gwirani chisotichi."

Pa zaka zonse za ukwati wawo Telo anali asanamvepo mkazi wake akunena kuti walakwa, ngakhale tsiku lija anathira mchere m'koko wa wansembe. Tsopano anamuona akutsetsereka kukhwawa ndi jombo zazikulu zija, nsalu yonyowa ikumata m'miyendo, osapita n'kunyumba komwe kukasintha. Anafuna kumuthamangira, koma anadziwa kuti akakafika kumeneko pakamwa pake padzamupereka. Anaima pansi pa mtengo wa mapeyala, zisoti ziwiri zili m'manja.

Anamva mkazi wake akuodira pakhomo. "Alamu! Muli m'nyumba?"

Chitseko chinatseguka. Florinda analankhula chapansipansi, kenako mawu a Ofelia anaphulika. Anakwera mpaka agalu a tsidya lino anayamba kuuwa, ndipo akazi anatuluka m'makhitchini manja ali ndi ufa. Ofelia anatchula za kutchalitchi, za kuchigayo, za pamaliro, chaka ndi chaka, osadumpha ngakhale tsiku limodzi. Anatchula mayina amene Florinda sakanalola munthu aliyense kumutcha, ngakhale bwanamkubwa.

Telo anatchera khutu nthawi yaitali, kudikira kuti mkazi wake ayankhe. Florinda sanayankhe.